Funso la Pakhomo

Bana Kasuba ankanyadira zinthu ziwiri pa moyo wawo: msoko wowongoka wa makina awo osokera, ndi funso la pakhomo. Makinawo anali pa kagome kawo mumsika wa Chisokone, pakati pa mayi wogulitsa zitenje ndi mdala wokonza maambulera. Funsolo linali m'foni, pakhomo la gulu la amayi apabanja limene onse ankangolitchula kuti Kuchipinda.

Gululo linayamba ndi amayi ochepa amene anakumana pa phwando lolangira mkwatibwi ku komboni ya Chimwemwe. Anapatsana manambala kuti azikumbutsana za nsalu ya pa ukwati. Ukwati unatha, koma macheza sanathe. Wina anaitana mlamu wake, mlamuyo anaitana mnzake wa kutchalitchi, ndipo pofika chaka chachiwiri munali amayi mazanamazana, ena a ku Ndola, ena a ku Chingola, ena okhala kutsidya kwa nyanja osowa wowauza zakwawo. Zokambidwa mmenemo zinali za kuchipinda ndithu. Mayi ankafunsa zimene sakanayerekeza kufunsa apongozi ake, anzake n'kumuyankha mosapsatira. Lachisanu ndiye kunkakhala phwando lenileni: nyimbo za chilangizo, nthabwala zomvera foni ili pakhutu, ndi timavidiyo tina timene Bana Kasuba eni ake ankationera ndi diso limodzi.

Oyang'anira gululo anali awiri. Bana Nkole, nachimbusa, kapena kuti namkungwi, amene analanga theka la akwatibwi a ku Chimwemwe, ndiwo anali mwini mawu. Bana Kasuba anali mwini khomo. Lamulo loyamba analemba okha: muno ndi mwa akuluakulu, ana ndi amuna ayi. Koma wamkulu umamudziwa bwanji pa foni, poti nambala ilibe imvi? Chithunzi munthu amabwereka, chaka chobadwa amanama. Tsiku lina akupinda mpendero wa siketi, nzeru inawafikira. Pali nyimbo ina imene imaimbidwa chitseko chili chotseka, pamene mkwatibwi akulangidwa. Siimveka pa wailesi, siimbidwa pa ukwati. Choncho aliyense wopempha kulowa ankamulembera mzere woyamba wa nyimboyo kuti iye amalize wachiwiri, atchulenso dzina la nachimbusa amene anamulanga.

Funsolo linkagwira ngati msampha. Amuna ofuna kusuzumira ankalemba za m'mutu mwawo, wina mpaka analemba vesi la m'Baibulo, ndipo Bana Nkole ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Atsikana a sukulu akaliona ankangoti zii. Bana Nkole ankakonda kunena kuti khomo limeneli ndi lachitsulo, ndipo Bana Kasuba akamva zimenezo ankapondereza makina awo mwamphamvu pang'ono, kubisa kumwetulira.

Kunyumba kwawo nako ankalondera chimodzimodzi. Mwana wawo wamkazi Kasuba, amene iwo ankaitanidwa ndi dzina lake, anali mu Giredi 9, wa maso akuthwa ndi zala zothamanga. Nambala yotsegulira foni ankaisintha kawirikawiri, ndipo foniyo inkakhala pachifuwa pawo ngakhale popita kukasamba. Kasuba ankawaseka kuti mwina m'fonimo muli mgodi wa kopa. Iwo ankangoyankha kuti muli zomukulira msinkhu.

Lachisanu lina masana, makasitomala atachepa, Bana Kasuba anagula chikanda kwa mayi woyenda nacho m'beseni, n'kukhala pansi kuti amvere zimene zatumizidwa Kuchipinda. Pakati pa nthabwala za tsikulo panali uthenga wa mawu wochokera kwa Mayi Sinkala, membala amene analowa miyezi ingapo m'mbuyomo koma anali asanalankhulepo. Mawu ake anali aang'ono, othamanga. Anayamba ndi kulonjera amayi ake onse, n'kupepesa ngati akulankhula posayenera. Funso lake linali lakuti, mkazi akalowa m'nyumba, kodi mwamuna angamulole kuti azipitabe kwinakwake m'mawa uliwonse, ndipo angayambe bwanji kumupempha? Asanamalize, kumbuyo kwake kunalira chitsulo, chija cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo. Kunamveka mapazi ambiri akuthamanga. Kenako mawuwo ananong'ona kuti, "Madamu akubwera," uthenga n'kuduka.

Amayi anali atayamba kale kumuyankha. Wina anafunsa kuti kwinakwakeko ndi kwa ndani, ndipo ali ndi ndevu kapena ayi. Wina anati mwamuna sapemphedwa ndi pakamwa pokha, n'kutumiza kavidiyo kosonyeza zimene ankatanthauza.

Bana Kasuba anamveranso uthengawo kachiwiri, kachitatu. Chikanda chinaleka kukoma. Mwina ndi mphunzitsi, anadziuza choncho. Koma mphunzitsi sanong'ona choncho pomva kuti mnzake akubwera. Kunong'ona kumeneko ankakudziwa. Ndi mmene Kasuba ankachitira akamuimbira pa foni ya mnzake nthawi yopuma.

Anabwerera m'mbuyo kukaona mmene Mayi Sinkala analowera. Mzere wachiwiri wa nyimbo unali wolondola, ngakhalenso liwu lina limene amayi ambiri achikulire amalipotoza. Womulanga anali Bana Mwewa a ku Chambishi. Ndipo pansi pake panali mawu a Bana Kasuba eni ake: Takulandirani, mayi.

Anafufuta kavidiyo kaja. Kenako anachita chimene anali asanachitepo chiyambire: anatseka gulu lonse kuti pasakhale wolemba kapena wotumiza kanthu kupatula oyang'anira. Asanaike foni pansi, inalira.

"Bana Kasuba, mwasoka pakamwa pa amayi onsewa, pa Lachisanu? Makina anuwo akusowa nsalu?"

Anali Bana Nkole. Bana Kasuba anawafotokozera za chitsulo ndi za kunong'ona kuja. Mayiwo anamvetsera, kenako anayankha mosatekeseka kuti nkhaniyi ndi yaifupi. Ngati munthuyo anamaliza nyimbo, ndiye kuti analangidwa. Ngati analangidwa, ndi wamkulu, ndipo si iwo awiri amene anamukulitsa. Koma ngati mtima wa Bana Kasuba sukukhazikika, amuchotse pompano mwakachetechete, wina asanakanene kuti Kuchipinda kuli ana, gulu n'kutsekedwa, maina awo n'kukafika kupolisi. Asankhe chimodzi mwa ziwirizo, koma atsegule gululo.

Bana Kasuba anatsegula pa dzina la Mayi Sinkala. Mawu oti amuchotse anali pomwepo, ofiira, chala chawo chili pamwamba pake. Lamulo linali lawo lomwe, ndipo linali lolondola. Mwana sakanatsala mmenemo, ngakhale kwa ola limodzi la nthabwala za Lachisanu. Koma mwanayu anakhala chete miyezi yonseyi, ndipo tsiku limene watsegula pakamwa kufunsa kanthu, yankho lake likhale chitseko chomenyetsedwa? Akamuchotsa, adzaona kuti walakwa chifukwa cholankhula, ndipo sadzafunsanso munthu wina aliyense. Anachotsa chalacho. Ngati sangamutulutse asanalankhule naye, ndiye chipinda chonse chikhale chete kufikira atalankhula naye.

Anamuimbira nthawi yoweruka kusukulu. Foni inalira osayankhidwa. Analemba kuti ndi mayi wapakhomo uja, sakufuna kukalipa. Dzuwa litapendeka, akupinda nsalu kuti aziweruka, foni inalira kamodzi n'kuduka. Anaimbanso. Kumbuyo kunkamveka madzi akuthira m'ndowa.

Dzina lake linali Ngosa. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu, Giredi 9, ngati Kasuba. Ankakhala ndi azakhali ake ku Chambishi, poti amayi ake anali kumudzi ku Luwingu. A Sinkala anali dalaivala wa magalimoto aakulu opita kumalire a Kasumbalesa, ndipo mbale zawo zovundikira zofunsira mbeta zinali zitalandiridwa kale. Pa tchuthi chapitacho anamutsekera m'chipinda ndi Bana Mwewa, n'kumulanga zonse. Ukwati unali woti uchitike mayeso akangotha, mwinanso asanathe. Foni anamugulira a Sinkala omwewo, ndipo azakhali ake ndi amene anamuuza za Kuchipinda, kuti akaphunzire kwa akazi anzake.

Zonsezi anazinena mwaulemu, ngati akuyankha mafunso m'kalasi. Kenako anafunsa lake.

"Amayi, kodi nyimbo ija ndinailakwitsa?"

"Sunailakwitse, mwana wanga."

"Nanga ndalakwa pati? Munalemba kuti muno ndi mwa akuluakulu. Ine anandiuza kuti ndakula."

Bana Kasuba anakhala pa mpando wa makina. Mdala wa maambulera anali akutseka, msika ukuphwasuka. Anafuna kunena kuti kukula kumene iwo ankatanthauza ndi kwina, koma anazindikira kuti funso lawo silinkafunsa kukula kwinako. Linkangofunsa ngati munthu analowapo m'chipinda chotseka chitseko. Anali atalipanga akuganiza za akwatibwi amene ankawasokera madiresi, akazi a zaka makumi awiri ndi kupitirira, ena a madigiri. Mwana wosalangidwa linkamubweza bwino lomwe. Koma mwana amene akuluakulu anamufulumiza, amene ankafunika kutetezedwa koposa onse, linkamutsegulira n'kumuitana kuti mayi.

Anamufunsa modekha ngati ankaonera zimene zinkatumizidwa. Ngosa anati zoyamba anazitsegula, ndipo mawa lake m'kalasi sanamve chilichonse chimene aphunzitsi ankanena. Kuyambira pamenepo ankangozidumpha. Koma zolembedwa ankawerenga zonse, tsiku ndi tsiku, kudikira kuti mwina mayi wina afunsa funso lofanana ndi lake kuti iye angomvera nawo yankho. Palibe anafunsa. Kwinakwake kuja kunali kusukulu.

Madzi analeka kuthira. Anati azakhali akumuitana, foni n'kuduka.

Loweruka ndi Lamulungu Kuchipinda kunakhala kotseka. Amayi anatembenukira ku nambala ya Bana Kasuba. Wina anafunsa ngati atembenuka mtima n'kulowa mpingo watsopano. Wina anati udindo wawakwera m'mutu ngati thobwa la munkoyo logonera. Ena anaopseza kuti ayambitsa gulu lawo. Iwo ankangoyankha kuti m'nyumba mwalowa mlendo, adikire. Kutchalitchi Lamulungu anakhala kumbuyo kwa atsikana a kwaya, n'kumayang'ana timakosi tawo tating'ono, osamva ulaliki.

Lolemba m'mawa sanatsegule kagome kawo. Anapita pokwerera minibasi za ku Chambishi, ali ndi maganizo okaonana ndi aphunzitsi a mwanayo. Ali pa mzere, munthu anawagwira pachigongono. Anali Bana Nkole, atavala nsapato zoyendera ulendo, chikwama chili kukhwapa.

"Musandiyang'ane choncho ngati ndabwera kudzakongola. Nyimbo ija Bana Mwewa ndinawaphunzitsa ndine. Ndikufuna ndikawafunse kuti anaimbira ndani."

M'minibasi anakhala mothinana, thumba la makala la munthu wina lili pamapazi awo. Bana Nkole anaulula kuti uthenga uja anaumveranso Lamulungu, atachoka kutchalitchi, ndipo chitsulocho anachimva. Minibasi inadutsa mlatho. Kenako ananena, akuyang'ana pawindo, kuti iwonso analangidwa ali ndi zaka ngati zomwezo, ndipo panalibe amene anawafunsa ngati ali ndi kwinakwake kopita m'mawa.

Sukuluyo anaipeza mosavuta, chitsulo chake chili pa mtengo wa mango pafupi ndi ofesi. Anawalondolera kwa Madamu Kapembwa, mphunzitsi woona za uphungu wa atsikana, mayi wamfupi wa choko m'manja. Atamva dzina la Ngosa anatseka chitseko. Anati anaona kale kuti mwanayo wasintha chibwerere ku tchuthi: anasiya kukweza dzanja, anayamba kukhala kumbuyo, ndipo anali ndi foni yoposa ya aphunzitsi ake. Atamufunsa anangoti zonse zili bwino. Madamuwo sanalonjeze zozizwitsa. Anati nkhani zotere amazidziwa njira yake, akadziwitsa a ofesi yoona za ana tsiku lomwelo, lamulo lili kumbali ya mwanayo, koma azakhali adzalusa, ndipo mbale zolandiridwa sizibwerera mosavuta. Bana Nkole anaimirira n'kunena kuti za mbalezo awasiyire iwo ndi Bana Mwewa, poti amene anamanga mfundo ndi amene amadziwa pomasulira. Anatuluka kukafunsa njira ya kwa Bana Mwewa.

Ngosa ataitanidwa n'kulowa, Bana Kasuba anayamba kuona masokosi, oyera, opindidwa bwino pa akakolo. Kenako inki pa chala chapakati. Siketi yake inali yofutukulidwa mpendero kuti italike, ndipo mzere wa mpendero wakale unkaonekabe. Mwanayo anagwada polonjera. Atamva mawu awo anawazindikira, n'kuyang'ana pansi.

Bana Kasuba anamukhazika pa benchi pambali pawo. Anamuuza mosazungulira kuti Kuchipinda ayenera kutulukamo, lero lomwe, ndipo wolakwa si iye koma amene anaika funso lolakwika pakhomo.

"Ndiye mukundithamangitsa."

"Ndikukutulutsa. Koma unafunsa funso, ndipo sunayankhidwe. Ndabwera ndi yankho lako."

Ngosa anadzutsa mutu.

"Unafunsa kuti ungamupemphe bwanji kuti uzipita kusukulu. Usamupemphe. Iwe suli m'nyumba mwake. Sukulu ndi yako, ndipo nkhani ya mbale ndi yathu akuluakulu, ife amene tinaiyamba."

Mwanayo anayang'ana Madamu Kapembwa ngati akufuna kuona ngati yankholo ndi lololedwa. Madamuwo anagwedeza mutu. Ngosa sanalire. Anangopumira m'mwamba, mapewa ake n'kutsika, kenako anafunsa ngati azakhali ake adzamangidwa, poti ndi amene amamugulira makope. Madamu anati choyamba ndi kukambirana, ndipo iye sadzakhala yekha pokambiranapo.

Bana Kasuba akanatha kumuchotsa ndi foni yawo. M'malo mwake anamuuza kuti atulutse yake, imene inali yobisidwa m'sokosi. Anamusonyeza pamene pali mawu otulukira m'gulu. Ngosa anayang'ana dzina la gululo kwa kanthawi, n'kudina yekha. Kenako awiriwo anafufuta zonse zimene zinatsalira m'fonimo kuchokera Kuchipinda, Bana Kasuba ataphimba ndi chikhatho kuti mwanayo asazionenso. Pomaliza anamuuza kuti nambala yawo asaifufute. Aziimba nthawi iliyonse, kamodzi kokha n'kudula, iwo adzaimbanso.

"Nanga ineyo mwandilemba dzina lanji m'foni yanu?"

Anamusonyeza. Panali palembedwa Mayi Sinkala. Anafufuta ali kuona, n'kulemba Ngosa. Mwanayo anati aonjezere Giredi 9, kuti asamusokoneze ndi a Ngosa ena. Chitsulo chinalira panja, ndipo anathamangira m'kalasi.

Bana Nkole anawapeza pokwerera minibasi, nkhope ili gwa, mpango utapendekeka. Anangoti Bana Mwewa amva, azakhaliwo sanamve, koma adzamva, poti iwo abweranso Lachinayi. Kenako anafunsa kuti tsopano pakhomo pazifunsidwa chiyani, popeza khomo lachitsulo lija lapezeka kuti n'lobooka.

Bana Kasuba anali ataganiza kale m'njira. Nyimbo ipume. Aliyense wofuna kulowa, ndi aliyense amene ali kale mkati, azionekera nkhope pa foni kwa oyang'anira awiriwo, chitupa chake chili m'manja, aone chaka chobadwa. Amene zaka zake sizikwana asangobwezedwa, ayambe wafunsidwa kuti anamutuma ndani. Bana Nkole anadandaula kuti ntchito imeneyo idzawatha maso, ndiponso amayi a ku Ndola sadzalola kuonekera asanavale mawigi awo. Koma sanakane.

Gulu linatsegulidwa Lachiwiri. Bana Kasuba analemba mwachidule, osatchula dzina, kuti mwana wa sukulu analowa kudzera pa funso lawo lomwe, ndipo timavidiyo tiyambe taima kufikira aliyense ataonekera. Ena anatuluka mokwiya. Mayi uja anatumiza kavidiyo analemba mawu amodzi okha opepesa. Wina anafunsa mwakachetechete, pa nambala yawo, ngati angamupatse nambala ya Madamu aja, poti kwawo kulinso mwana wa mlongo wake.

Nkhani ya mbale inali isanathe pamene foni inalira kamodzi n'kuduka, madzulo ena Bana Kasuba akusenda anyezi pakhonde. Asanaimbe, panalowa chithunzi chochokera kwa Ngosa. Chinali cha tsamba la kope: samu ya makona atatu, yofufutidwafufutidwa, ndi mawu pansi pake ofunsa ngati amayi akudziwa mmene amaipezera.

Amayi sankadziwa. Anayang'ana Kasuba, amene anali atagona chafufumimba pa mkeka ndi mabuku ake, n'kumuitana. Mtsikanayo ataona foni ikulozetsedwa kwa iye, yotsegula, anadzuka msangamsanga n'kufunsa ngati mgodi wa kopa watsegulidwa kwa anthu wamba.

"Usatambasule dzanja. Ndigwira ndine. Iwe ungowerenga samuyi, umuthandize mnzako."

Kasuba anagwada pambali pawo, mutu wake uli paphewa la amayi ake, n'kuyamba kuwerenga.